Mseu wa Malole pa Malo Omanga

Inu amene mumakhala ku Nkolokosa, ku Chitawira, ku Manja kapena ku Zingwangwa, zimene ndikufuna kunena pano munaziona kale. Mumadzuka m'mawa. Mupeza njira imene mumadzera popita kumsika yatsekedwa ndi migolo. Pambali pake chimakina chija timati katapila chapala njira ina. Njirayo ilibe phula. Ilibe ngalande. Dzuwa lisanafike paliwombo, malole a mchenga, miyala ndi njerwa ayamba kale kudutsamo. Ana nawo athamangira komweko kukaonerera.

Njira yotereyi ndiyo mseu wongoyembekezera. Miseu imeneyi ilipo ya mitundu iwiri. Wina ndi uja amatipatutsira tonse pamene akukonza mseu weniweni kapena mlatho. Oyendetsa minibasi amautcha dayiveshoni. Wina ndi uja omanga amadzilambulira okha kuti malole awo azifika pamene akumanga nyumba, sukulu kapena tchalitchi. Wachiwiriwu ndiwo umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kwathu kuno nyumba n'zothithikana. Lole imadutsa m'mphepete mwa mpanda wanu, pafupi ndi mpope wa madzi, ndiponso pabwalo pamene ana amasewera phada.

Mseu wotere umakhala masabata kapena miyezi yowerengeka. N'chifukwa chake anthu amaupeputsa. Womanga amati, "Ndiwonongerenji ndalama pa mseu woti ndiufafaniza posachedwa?" Ife odutsa timati, "Aa, bola ndadutsa." Koma lole yoyenda mu mseu wa masiku ochepa imalemera chimodzimodzi ndi imene imayenda mu Chipembere Highway.

Lole imalemera bwanji?

Tiyeni tiwerengetse pamodzi. Thumba limodzi la simenti limalemera makilogalamu 50. Mwamuna wamphamvu akasenza limodzi, thukuta limatuluka. Matumba 20 ndiwo tani imodzi. Tsono lole ya tipa imene yanyamula matani 10 a miyala yanyamula katundu wofanana ndi matumba a simenti 200. Apa sitinawerengere kulemera kwa lole yeniyeniyo.

Chinthu cholemera chotere sichiima msanga. Dalaivala akaponda buleki, lole imapitabe patsogolo isanaime. Akathamanga kowirikiza kawiri, mtunda umene lole imatsetsereka isanaime umawirikiza kanayi. Tiyerekeze kuti poyenda pang'onopang'ono lole imaima itayenda mapazi 10. Ikathamanga kawiri kuposa pamenepo idzafuna mapazi 40. Pa dothi lonyowa kapena pa timiyala tosakhazikika idzafuna oposa pamenepo. Pamtsetse ndiye osanena.

Mukudziwa kuti Nkolokosa ali m'munsi mwa phiri la Soche. Malo athyathyathya ndi ochepa. Mseu weniweni amaumanga mosanjikiza. Amatsendera dothi, amathira miyala, amatsenderanso, kenaka amaika phula ndi kukumba ngalande kuti madzi aziyenda m'mbali. Mseu wongoyembekezera nthawi zambiri amangoupala ndi kuthirapo dothi lamiyala. Mvula ya usiku umodzi yochokera kuphiri ingathe kuukumba ndi kufewetsa m'mphepete mwake. Dzulo lole inadutsa bwinobwino. Lero gudumu limodzi lititimira, lole ipendekeka, ndipo katundu akhuthukira mbali imene munthu waima. Ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika kuphiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, sitifunika wina wotiuza mphamvu ya madzi pamtsetse.

M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, mseu wotere uyenera kuonedwa m'mawa uliwonse lole yoyamba isanalowe. M'miyezi ya Chiperoni, timvula towaza tija timachititsa dothi lofiira kuterera ngati therere. M'chilimwe vuto ndi fumbi. Lole ikadutsa, dalaivala wa lole yotsatira saona mwana amene akuwoloka m'fumbimo. Omanga osamala amawaza madzi mu mseu.

Kumene dalaivala saona

Apa ndipo pagona nkhani yaikulu ya phunziroli. Werengani mofatsa.

Ambiri a ife timaganiza kuti dalaivala wa lole amaona zonse popeza amakhala pamwamba. Si choncho ayi. Kukhala pamwambako ndiko kumamubisira zinthu zimene zili pafupi. Saona chimene chili kumbuyo kwenikweni kwa lole. Saona bwino chimene chili pansi pa mphuno ya lole kutsogolo. Saonanso bwino mbali ya kumanzere, popeza iye amakhala kumanja.

Yesani izi kunyumba. Imani m'nyumba, patali pang'ono ndi zenera. Mwana akhale pansi kunja, atatsamira khoma m'munsi mwa zeneralo. Mukumuona? Mukuona mtengo wa mango uli patali, mukuona nyumba ya aneba, koma mwana wanu amene ali pafupi simukumuona. Dalaivala wa lole amakhala chotero tsiku lonse.

Ndikuuzeni za mayi wina amene ankaphunzira m'kalasi lina limene ndinkaliyendera. Dzina lake sinditchula. Ankagulitsa zitumbuwa ndi thobwa pachipata cha malo ena amene ankamangapo. Malonda ankayenda ndithu, chifukwa amuna osakaniza simenti amamva njala msanga. Tsiku lina mphepo inaulutsa nsalu imene ankavindikira beseni lake. Nsaluyo inagwera kumbuyo kwa tipa imene inali itaima, injini ikulira. Mayiyo anawerama kuti aitole, mwana ali kumsana. Nthawi yomweyo tipa inayamba kubwerera m'mbuyo. Anthu anakuwa. Dalaivala sanamve msanga chifukwa cha phokoso la injini. Mnyamata wina anamukoka mayiyo, koma gudumu linali litamuponda kale phazi.

Mwana anapulumuka. Mayiyo anamutengera ku Gulupu, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Anakhala miyezi osayenda, ndipo mpamba wake wonse unathera pa chakudya ndi lendi. Atachira anafuna kudziwa mwini lole uja. Kapitawo anati malole obweretsa mchenga ndi ahayala, amabwera ambiri, ndipo iye sangawakumbukire onse. Pa anthu onse amene anaona ngoziyo panalibe ndi mmodzi yemwe amene analemba nambala ya loleyo.

Nkhani imeneyi imandipwetekabe mtima. Mayiyo ankadziwa kale kulemba zilembo zonse ndi manambala onse. Anzake a m'kalasi awiri anali pomwepo. Ife aphunzitsi tinawaphunzitsa kulemba mtengo wa tomato ndi tsiku la sikelo ya mwana, koma za nambala ya galimoto sitinaziganizire.

Kodi dalaivala uja anali munthu woipa? Ine sindikuganiza choncho. Sanamuone. Cholakwika chinali chakuti panalibe munthu womuongolera, ndiponso malonda ndi malole zinkagwiritsa ntchito chipata chimodzi. Ku Britain, bungwe la boma loona za chitetezo cha anthu pa ntchito limanena kuti pa imfa zinayi zilizonse zochitika chifukwa cha magalimoto pa malo a ntchito, pafupifupi imodzi imachitika galimoto ikubwerera m'mbuyo. Kumeneko n'kumene malole ambiri ali ndi kabelu kolira pobwerera m'mbuyo. Kwathu kuno malole ena ali nako, ena alibe, ena kanafa kalekale. Musadikire kumva belu.

Gwirani mawu awa: ngati inu simukuona nkhope ya dalaivala, kaya mwachindunji kaya pa galasi lake la m'mbali, iyenso sakukuonani. Musadutse kumbuyo kwa lole imene injini yake ikulira. Chinthu chikagwera pansi pake, chisiyeni mpaka lole ichoke kapena dalaivala azimitse injini ndi kutsika. Uzani ana zimenezi kawirikawiri mpaka atope nanu. Mpira wachikulunga ndi wosavuta kupanga wina.

Mseu wabwino umaoneka bwanji?

Mukafika pa malo omanga, yang'anani ngati njira ya anthu ndi yosiyana ndi njira ya malole. Chimenechi ndicho chachikulu koposa zonse. Sichifuna ndalama zambiri. Migolo, mitengo yozika, chingwe kapena tepi ija yofiira ndi yoyera zingathe kulekanitsa njira ziwirizi. Pamene malo alipo, lole iyenera kulowera chipata china ndi kutulukira china, kuti isamabwerere m'mbuyo. Pamene malo palibe, payenera kukhala munthu woongolera.

Woongolera akhale mmodzi. Ndimaona kawirikawiri anyamata asanu akukuwa nthawi imodzi, uyu akuti "Bwera! Bwera!" uyo akuti "Ima!" wina akumenya mbali ya lole. Dalaivala amvere ndani? Woongolera avale jekete yowala, aime pambali pamene dalaivala akumuona pagalasi, osati kumbuyo kwenikweni kwa lole. Agwirizane ndi dalaivala za zizindikiro za manja ntchito isanayambe. Dalaivala akangosiya kumuona, aime pompo.

Usiku maenje ndi milu ya miyala ziyenera kutchingidwa ndi kuikidwa chizindikiro chooneka mumdima. Anthu obwera kuntchito mochedwa, okwera kabaza, ngakhale abambo aja ochokera kokamwa, onsewo amadutsa pomwepo. Dzenje losiyidwa pululu likadzaza madzi a mvula, mwana wamng'ono angathe kumiramo.

Zikwangwani

Zikwangwani zambiri za pa mseu zimalembedwa m'Chingerezi. Musachite nazo mantha. Mawu ake ndi ochepa, ndipo zilembo zake ndi zomwe zija mukuzidziwa kale.

STOP ndiye kuti ima. GO ndiye kuti pita. Mawu awiriwa mumawaona pa chikwangwani chimene munthu amachitembenuza pamene magalimoto akudutsa mosinthana. SLOW ndiye kuti yenda pang'onopang'ono. DANGER ndiye kuti pali zoopsa. NO ENTRY ndiye kuti osalowa. ROAD CLOSED ndiye kuti mseu watsekedwa. DIVERSION kapena DETOUR ndiye kuti patuka, dzera kumene muvi waloza. HEAVY VEHICLES TURNING ndiye kuti malole akuluakulu amakhota pamenepa. Nambala yolembedwa m'kati mwa mkombero wofiira, monga 20 kapena 40, ikuuza dalaivala makilomita amene sayenera kupitirira pa ola limodzi. Zikwangwani za ntchito ya kanthawi kawirikawiri zimakhala zachikasu. Munthu akakweza mbendera yofiira, imani, ngakhale muli pa njinga.

Magalimoto m'Malawi amayenda kumanzere. Tsono inu woyenda pansi, ngati palibe njira yanu yapadera, yendani kudzanja lamanja kuti muziyang'anizana ndi galimoto imene ikubwera. Mwana mumugwire dzanja, ndipo akhale mbali yakutali ndi mseu.

Pano ndidandauleko pang'ono. Alipo anthu amene amaba zikwangwani kuti akakhomere chitseko cha bafa, ndi migolo kuti azisungiramo madzi. Mukaona mgolo wopaka utoto wofiira ndi woyera kuseri kwa nyumba ya munthu, dziwani kuti penapake pali dzenje losatchinga.

Kwa inu ogwira ntchito ndi aganyu

Ambiri mwa inu mumapeza ndalama ya ufa pa malo omanga. Ena mumakumba, ena mumakankha wilibala, amayi ena mumatunga madzi ndi kuphwanya miyala. Mseu wa malole mumauwoloka kambirimbiri pa tsiku, ndipo munthu akazolowera chinthu amaleka kuchiopa. Paja akuluakulu amati tsoka silinunkha.

Nthawi ya nkhomaliro musagone pamthunzi wa pansi pa lole kapena thirakitala. Ndikudziwa kuti mu October dzuwa limaswa mtengo ndipo pamalo omanga mitengo amakhala atadula yonse. Komabe dalaivala akabwera sasuzumira pansi. Musakwere pamwamba pa mchenga kapena njerwa lole ikuyenda, ndipo musalendewere pachitseko. Lole ikaima pamtsetse, aikireni mwala waukulu kapena chipika kumagudumu.

Samalani ndi m'mphepete mwa ngalande ndi maenje a maziko. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limalemera kuposa tani imodzi. Amenewo ndi matumba a simenti oposa 20. Lole ikadutsa pafupi ndi dzenje, kulemera kwake ndi kugwedeza kwake kumagumula khoma la dzenjelo. Munthu amene ali m'katimo alibe nthawi yothawa. Ngati mukukumba dzenje lakuya ndipo malole akudutsa m'mphepete, tulukani, kauzeni kapitawo kuti asunthe njira. Pamene tipa imabwerera m'mbuyo kukakhuthulira m'dzenje payenera kuikidwa chipika chachikulu choimitsa magudumu.

Tipa ikamakhuthula, imani patali, osati m'mbali mwake. Mchenga wonyowa umakakamira pamwamba, ndipo pa malo opendekeka lole yonse ingathe kugwa cham'mbali. Yang'ananinso kumwamba. M'makwalala athu mawaya a ESCOM amadutsa paliponse. Tipa ikakweza msana wake n'kukhudza waya, lole yonse imagwira magetsi. Musaikhudze, musaiyandikire. Dalaivala akhale momwemo mpaka a ESCOM azimitse magetsi. Ngati lole yagwira moto, adumphe patali miyendo ili pamodzi, osagwira lole pamene mapazi akufika pansi.

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, ndikalankhula andichotsa ntchito, ndipo pachipata pali anthu khumi akudikira malo anga." Zimenezo n'zoona, sindingakutsutseni. N'chifukwa chake ndi bwino kulankhula muli angapo, mwaulemu, ndiponso m'mawa ntchito isanayambe. Dziwaninso kuti malamulo alipo. Lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito linapereka kwa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo a ntchito ndi osaopsa. Lamulo la 2000 la chipukuta misozi linanena kuti wantchito wovulala pa ntchito alipidwe. Lamulo lina la 2000, la za kulemba anthu ntchito, linaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa mwana wosakwana zaka 18. Tsiku loyamba ntchito, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa m'buku la kapitawo. Tsopano mungathe kuliwerenga nokha ndi kuona ngati alilemba bwino.

Ngozi ikachitika

Kuwani kuti makina onse aime. Ngati wovulala akudandaula khosi kapena msana, musamunyamule mwachisawawa. Mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, mutu ndi thupi zikhale mowongoka. Pamene pakutuluka magazi tsindikanipo ndi nsalu yoyera. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina kuchipatala afunika opaleshoni.

Wina mwa inu atenge cholembera. Alembe zilembo ndi manambala a lole, tsiku, nthawi ndi malo. Alembenso dzina lolembedwa pachitseko cha loleyo ngati lilipo, ndi maina a anthu awiri amene anaona. Amene ali ndi foni yojambula ajambule. Kanenani kupolisi. Galimoto iliyonse yoyenda pa mseu wa boma imayenera kukhala ndi inshuwalansi, koma popanda nambala simungadziwe koyambira. Wantchito akaneneso ku ofesi ya zantchito, ija timati kuleba, ndipo asunge mapepala onse a kuchipatala.

Tikadandaule kwa yani?

Musadikire ngozi. Pa ntchito zikuluzikulu pamakhala chikwangwani chachikulu chotchula mwini ntchito ndi kontrakitala. Chiwerengeni, mulembe mainawo. Miseu ikuluikulu ya dziko imayang'aniridwa ndi Roads Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Za miseu ya m'makwalala ndi zomangamanga za mumzinda, pitani ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, imene maofesi ake ali ku Civic Centre ku Chichiri. Koma yambani ndi kapitawo wa pamalopo. Nthawi zina amangofunika kukumbutsidwa. Akapanda kumva, pitani kwa amfumu ndi kwa akhansala. Mawu apakamwa amaiwalika, kalata imatsala. Kalatayo isatalike. Ingathe kukhala yotere:

Okondedwa a Khansala,

Ife anthu a ku Nkolokosa tikudandaula za malole amene akudutsa pafupi ndi mpope wathu wa madzi. Ana a sukulu amadzera njira yomweyo m'mawa ndi masana. Tikupempha zinthu zitatu. Omanga atchinge njira ya anthu. Aike munthu woongolera malole pachipata. Malole asamadutse nthawi imene ana akupita ndi kuweruka kusukulu.

Ndife anthu anu,

M'munsi mwake aliyense alembe dzina lake ndi dzanja lake. Musaiwale tsiku. Lembani makalata awiri ofanana, ina mupereke, ina musunge.

Zoti muchite sabata ino

Kambiranani m'kalasi: kodi kufupi ndi kwanu kuli malo amene akumanga? Ana amadzera kuti popita kusukulu? Nanga amayi ogulitsa malonda amakhala mbali iti ya chipata?

Werengetsani m'kope mwanu: lole yanyamula matani 7 a mchenga. Kodi ndi ofanana ndi matumba angati a simenti?

Pomaliza, tengani kope ndi pensulo, mukaime pamalo abwino, patali ndi mseu. Lembani nambala za malole atatu amene adutse. Yambani ndi lole imene yaima, chifukwa yoyenda imavuta poyamba. Samalani ndi B ndi 8, ndiponso S ndi 5, popeza pa nambala yafumbi zimafanana. Mubwere nalo kopelo tsiku la kalasi kuti tidzaone pamodzi.